Ndiyambire pati pophunzira kuteteza netiweki ndi rauta?

Wophunzira_Netiweki

Moni nonse. Ndikuphunzira za netiweki pandekha ndipo ndafika pa mutu wa chitetezo cha rauta. Wina akuti yamba ndi firewall (chosefa zolowa ndi zotuluka mu netiweki), wina akuti ACL (mndandanda wa malamulo olola kapena kukana zodutsa pa rauta), wina akuti VPN (njira yotetezeka yolowera mu netiweki uli kutali), mutu wangozungulira. Ndikufuna wondilongosolera kuti choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti, komanso chifukwa chake.

Ndili ndi rauta imodzi yaing'ono ya Wi-Fi yoyeserera, ndi Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yoyeserera netiweki, pa laputopu. Pa rauta yaing'onoyo ndabisa dzina la Wi-Fi ndipo ndayatsa MAC filter, sefa yolola zipangizo poona MAC, nambala yozindikiritsa chipangizo chilichonse. Kodi zimenezi n'zokwanira?

Mu Packet Tracer ndamanga kaofesi kongoyerekezera. Antchito ali pa VLAN 10 (VLAN ndi gawo lapadera la netiweki), 192.168.10.0/24, ndipo alendo ali pa VLAN 20, 192.168.20.0/24. Rauta yomweyo ndiyo ikugawa maadiresi ndi DHCP. Ndikufuna kuti alendo azipeza intaneti koma asafike pa makompyuta a antchito. Ndalemba izi:

```
access-list 110 deny ip 192.168.20.0 0.0.0.255 192.168.10.0 0.0.0.255
interface g0/0.20
 ip access-group 110 in
```

Kungoika basi, alendo onse athima: sakufika kulikonse, ndipo kompyuta yongolumikizidwa kumene sikulandira n'komwe adiresi. Ndalakwitsa pati? Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse kuno.

Mkonzi_wa_Marauta

Akulu, za ACL ayankha ena. Ine ndiyankhe funso loyambalo, chifukwa ambiri amalidumpha.

Yambani ndi rauta yeniyeniyo. Malamulo onse omwe mungalembe amakhala m'kati mwake, choncho munthu akalowa mu rauta ngati mwini wake, amangowafufuta, kapenanso kuwasiya momwemo n'kusintha DNS yokha, ija yomasulira mayina a masamba kukhala maadiresi, kuti aliyense wa pa netiwekiyo azitumizidwa ku masamba abodza osazindikira kanthu. Mpanda wautali pomwe kiyi wa geti ali panja ulibe ntchito.

Pa rauta yaing'onoyo chitani izi, motsatana chonchi.

Lumikizani laputopu ndi kebulo, osati Wi-Fi, chifukwa mukasintha za Wi-Fi mudzaduka pakati pa ntchito. Tsegulani tsamba loyendetsera rauta, nthawi zambiri limakhala pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Sinthani pasiwedi yolowera pamenepo. Imeneyi ndi yosiyana ndi pasiwedi ya Wi-Fi, ndipo zisafanane. Ngati rauta ikulola kusintha dzina lolowera, chotsaninso admin. Nkhani ya mapasiwedi akufakitale si yongoopseza ayi. Mirai, pulogalamu yoipa ija ya mu 2016, inkangoyendayenda pa intaneti kugogoda pa Telnet (njira yakale yolowera mu chipangizo uli kutali), poti 23 ndi 2323, n'kumayesa mayina ndi mapasiwedi akufakitale pafupifupi 60 okha. Ndi kamndandanda kameneko inagwira makamera ndi marauta ochuluka zedi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinapanikiza kampani ya Dyn, yomwe inkapereka DNS kwa masamba akuluakulu, mpaka Twitter ndi Netflix zinavuta kutsegula m'madera ambiri.

Kenaka firmware, pulogalamu yam'kati yoyendetsa rautayo. Onani nambala ya mtundu wa rauta yanu pansi pake, komanso kanambala ka hardware version, chifukwa marauta a dzina limodzi amatha kukhala ndi zam'kati zosiyana, ndipo firmware yolakwika imasandutsa rauta njerwa. Itengeni pa tsamba la opanga okha. Magetsi asathime pamene ikulowa. Mukaona kuti opanga anasiya kutulutsa firmware ya mtundu umenewo zaka zapitazo, rautayo isungeni yophunzirira, isakhale pakhomo la netiweki yeniyeni.

Chachitatu, zimitsani zomwe simukugwiritsa ntchito: kuyendetsa rauta kuchokera ku intaneti, Telnet, UPnP (yolola zipangizo kudzitsegulira mapoti), WPS (yolumikizira ku Wi-Fi ndi PIN kapena batani), FTP ya pa USB. Chilichonse choyaka ndi chitseko, ndipo chitseko chomwe simukuchidziwa simungachilondere.

Pa Cisco mfundo ndi yomweyi, malamulo ake ndi awa:

```
hostname R1
ip domain-name labu.local
enable secret PASIWEDI_YAITALI
username woyanganira secret PASIWEDI_INA
crypto key generate rsa general-keys modulus 2048
ip ssh version 2
no ip http server
login block-for 120 attempts 3 within 60
access-list 10 permit host 192.168.10.5
line vty 0 4
 login local
 transport input ssh
 access-class 10 in
 exec-timeout 5 0
```

Zingapo zoti muzimvetse pamenepa, musangokopera. Makiyi a RSA, ofunika pa SSH (njira yotetezeka yolowera mu rauta muli kutali), sapangika ngati hostname idakali Router kapena domain simunaike, n'chifukwa chake mizere iwiriyo ili pamwamba. Mawu akuti secret ndi password si amodzi: `enable password` imasungidwa poyera, ndipo ngakhale mutayatsa `service password-encryption`, zomwe mumapeza ndi type 7, yomwe imamasulidwa m'kuphethira kwa diso ndi timapulogalamu topezeka paliponse. Imangothandiza kuti woima kumbuyo kwanu asawerenge pa sikirini. Pa IOS (pulogalamu yoyendetsa marauta a Cisco) yatsopanoko gwiritsani ntchito `enable algorithm-type scrypt secret`, yomwe imatulutsa type 9. Mzere wa `login block-for` ukutanthauza kuti munthu akalephera katatu m'masekondi 60, rauta imakana aliyense wofuna kulowa kwa masekondi 120. Aliyense, kuphatikizapo inuyo, pokhapokha mutaika `login quiet-mode access-class` yopatula kompyuta yanu. Ndipo onani kuchuluka kwa mizere ya vty, yolowerapo muli kutali, pa chipangizo chanu. Zina zili ndi 0 mpaka 15, ndiye mukatseka 0 mpaka 4 yokha, inayo imatsala momwe inalili.

Mukamaliza zimenezi mpamene mungayambe kuganiza zogawa netiweki ndi kusefa zodutsa.

Paketi_ndi_Poti

ACL yanuyo ilibe cholakwika m'kalembedwe. Vuto lili pa mzere womwe simukuuona.

ACL iliyonse ya Cisco imathera ndi lamulo lobisika lokana zonse. Rauta imawerenga kuyambira pamwamba kutsika, paketi (kagawo ka uthenga wodutsa) ikagwirizana ndi mzere wina imachita zomwe mzerewo wanena n'kusiya kuwerenga, ndipo ikafika pansi osagwirizana ndi uliwonse imatayidwa. Inu mwalemba mzere umodzi wokana, wolola palibe. Ndiye paketi ya mlendo yopita kwa antchito ikufa pa mzere wanu, ndipo ina iliyonse ikufa pa mzere wobisikawo. ACL yopanda permit ngakhale imodzi ndi khoma lopanda chitseko.

Tsopano mukhoza kuganiza kuti mungowonjezera `permit ip 192.168.20.0 0.0.0.255 any` basi zatha. Yesani muone: makompyuta omwe ali kale ndi adiresi ayamba kuyenda, koma yatsopano ikhalabe yopanda adiresi. Tiyeni tiitsatire paketi yake. Kompyuta ikangolumikizidwa imakhala isanadziwe kuti ili pa 192.168.20.0. Imafuula uthenga wa DHCP Discover, adiresi yochokera ili 0.0.0.0, yopita ili 255.255.255.255, pa UDP, kuchoka pa poti 68 kupita pa poti 67. Ikafika pa g0/0.20, mzere woyamba ukufunsa: wachokera ku 192.168.20.x? Ayi. Mzere wachiwiri ukufunsanso chomwecho. Ayi. Yagwera pansi, yatayidwa, ndipo DHCP ya rauta siinamve n'komwe kuti wina wagogoda. Kompyuta ya Windows ikadikira osayankhidwa imadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Mukaiona imeneyo, dziwani kuti DHCP siinayankhe.

Yolondola ikhale motere:

```
ip access-list extended ALENDO
 10 permit udp any eq 68 any eq 67
 20 deny ip 192.168.20.0 0.0.0.255 192.168.10.0 0.0.0.255
 30 deny tcp any host 192.168.20.1 eq 22
 40 permit ip 192.168.20.0 0.0.0.255 any
 50 deny ip any any
interface g0/0.20
 ip access-group ALENDO in
```

Mzere 30 ukuletsa mlendo kugogoda pa SSH ya rauta kudzera pa gateway yake yomwe. Mzere 50 sukusintha kanthu pa kasefedwe, koma ulembeni ndithu, chifukwa mzere wobisika uja sumawerengera mapaketi. Wolembedwawu, mukapanga `show access-lists`, ukuonetsani kuti wataya angati. Manambala amenewo ndiwo maso anu. Mukapanga ping kuchokera kwa mlendo kupita ku 192.168.10.5 ndipo nambala ya mzere 20 yakwera, mwadziwa kuti ACL ndiyo yagwira, osati kebulo yosalumikizika bwino.

Ndagwiritsa ntchito ACL ya dzina dala. Pa ya nambala, munthu amafuna kuchotsa mzere umodzi n'kulemba `no access-list 110 deny ip ...`, ndiye IOS imafufuta mndandanda wonse wa 110, osati mzerewo wokha. Chotsatira chake n'choopsa kuposa kuthima kwa intaneti: interface ikuitanabe ACL yomwe kulibe, ndipo zikatero zonse zimangodutsa. Pa ya dzina mumalowa m'kati n'kulemba `no 30`, kapena kuika mzere 25 pakati pa 20 ndi 30.

Wildcard mask nayo imagwetsa ambiri. Ndi subnet mask yotembenuza: 0 ndiye kuti gawo ili lifanane ndendende, 255 ndiye kuti chilichonse. Ya /24 ndi 0.0.0.255, ya /26 ndi 0.0.0.63. Njira yachidule, chotsani subnet mask pa 255.255.255.255. Mukalemba 255.255.255.0 m'malo mwa wildcard, rauta siikana, imangolandira n'kumayang'ana nambala yomaliza yokha ya adiresi, inu n'kumadabwa.

Za malo oikapo: ACL za standard, manambala 1 mpaka 99, zimaona adiresi yochokera yokha, choncho ziikeni pafupi ndi kopita, apo ayi mutsekera munthu njira zonse. Za extended, 100 mpaka 199, ziikeni pafupi ndi kochokera kuti paketi yosafunika ife msanga. In ndi out muziziona mutaima m'kati mwa rauta: in ndi zolowa kwa inu, out ndi zochoka kwa inu.

Chomaliza, ACL wamba siikumbukira kanthu. Siidziwa kuti paketi iyi ndi yankho la funso lomwe wina anafunsa. Ndiye wantchito akapanga ping kupita kwa mlendo, funso lifika, koma yankho lifera pa mzere 20. Pa alendo zili bwino choncho. Koma tsiku lomwe mudzafune kuti antchito aziona makamera pomwe makamera sangayambitse kulankhula ndi antchito, mudzafunika china. Liwu la `established` limathandiza pa TCP yokha, ndipo limangoyang'ana ngati paketi ili ndi chizindikiro cha ACK kapena RST, chomwe munthu wodziwa akhoza kuchinamizira. Chenicheni ndi firewall yokumbukira zolumikizana, pa Cisco ndi Zone-Based Firewall. Koma musathamangireko ACL isanakhazikike m'mutu.

Mlonda_wa_WiFi

Kubisa dzina la Wi-Fi ndi MAC filter, zonse ziwiri zichotseni. Ndikudziwa kuti ena pano anena kuti sizipweteka kanthu, koma ine ndimati zimapweteka, chifukwa zimam'patsa munthu mtima woti wateteza pomwe sanateteze.

Dzina lobisika limangochotsedwa mu uthenga wolengeza womwe rauta imaulutsa. Foni ikamalumikizana imalitchula poyera, ndipo aliyense womvetsera ndi adaputala ya monitor mode amaliona nthawi yomweyo. Ma MAC nawo amayenda poyera m'mlengalenga ngakhale netiweki ili ndi pasiwedi, ndipo kukopera ya wina ndi lamulo limodzi. Komanso kuyambira Android 10 ndi iOS 14 mafoni amadzipangira MAC yongopeka pa netiweki iliyonse, ndiye sefayo ivutitsa anthu anu omwe kuposa wakuba.

Zogwira ntchito ndi izi. Sankhani WPA3 ngati zipangizo zanu zonse zikuilandira, apo ayi WPA2 yokhala ndi AES. WEP ndi TKIP musazikhudze. TKIP imatsitsanso liwiro kufika pa 54 Mbps. Pa WPA2, wakuba amajambula mauthenga anayi omwe foni ndi rauta zimapatsana polumikizana, n'kupita nawo kwawo kukayesa mapasiwedi pa kompyuta yake, rauta yanu osadziwa kanthu. Choncho chitetezo chonse chagona pa kutalika kwa pasiwedi. Malire ake ndi zilembo 8 mpaka 63. Ya manambala 8 okha ili ndi njira 100,000,000, zomwe khadi ya zithunzi yamakono imamaliza m'mphindi zowerengeka. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, opitirira zilembo 20, ndi abwino kuposa kaliwu kafupi kodzaza zizindikiro. WPA3, yomwe inatuluka mu 2018, inatseka njira yokayesera kunyumbayi: kuyesa kulikonse kumafuna kulankhula ndi rauta yeniyeniyo.

WPS ndiye zimitsani osaganiza kawiri. PIN yake ili ndi manambala 8, koma yomaliza imangowerengeredwa kuchokera ku 7 oyambawo. Choipitsitsa, rauta imayankha padera za manambala 4 oyamba, kenaka padera za 3 otsalawo. Ndiye m'malo mwa njira 10,000,000, wakuba amayesa 10,000 kuphatikiza 1,000, zonse 11,000 basi. Stefan Viehböck anaulula zimenezi mu Disembala 2011. PIN ikapezeka, rauta imapereka yokha pasiwedi ya Wi-Fi, kaya ndi yaitali bwanji.

Pa netiweki ya alendo yatsani AP isolation kuti alendo asamaonane okhaokha.

Wophunzira_Netiweki

Zikomo kwambiri akuluakulu. ACL ija yayenda, ndipo manambala a pa `show access-lists` akukwera monga mwanenera. Funso lina: ndimamva kuti NAT, ija yoti zipangizo zonse zizitulukira ku intaneti ndi adiresi imodzi, payokha ndi firewall, popeza akunja saona maadiresi am'kati. N'zoona? Nanga munthu wofuna kuona makamera ali kutali atani, ngati UPnP ndi kutsegula mapoti n'zoipa?

Paketi_ndi_Poti

NAT si firewall, ngakhale zotsatira zake zimafananako. Paketi yochokera kunja yomwe palibe anaiitana imatayidwa chifukwa rauta siikudziwa woti im'patse, osati chifukwa pali lamulo loikana. Kusiyanaku kumaonekera pawiri. Poyamba, NAT siiteteza rauta yeniyeniyo: mapoti ake otseguka ku WAN, mbali yoyang'ana ku intaneti, amaonekabe. Mu Novembala 2016 marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom ku Germany anasokonezeka pamene mtundu wina wa Mirai unkagogoda pa poti 7547, ya TR-069, yomwe makampani a intaneti amayendetsera marauta a makasitomala awo. Kachiwiri, pa IPv6 nthawi zambiri NAT palibe, chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yofikirika kuchokera kunja. ACL ya IPv4 siikhudza IPv6 ngakhale pang'ono. Pa Cisco mumalemba ina ndi `ipv6 access-list` n'kuiika ndi `ipv6 traffic-filter`. Polemba imeneyo musatseke ICMPv6 yonse, chifukwa IPv6 imapeza oyandikana nawo kudzera momwemo, ndipo mukaitseka netiweki imafa. Ngakhale pa IPv4, kutseka ICMP yonse kumapha uthenga wa type 3 code 4 wouza wotumiza kuti paketi yakula, ndiye mumaona masamba ena akutseguka theka n'kuima.

UPnP vuto lake n'lakuti chipangizo chilichonse cham'kati chimauza rauta kuti "nditsegulire poti yakuti," ndipo rauta imatsegula osafunsa pasiwedi. Kamera imachita zimenezo, pulogalamu yoipa nayo imachita chimodzimodzi.

Za makamera, njira ndi VPN. Mumatsegula poti imodzi yokha, ya VPN, ndipo wolowa amakhala ngati ali m'kati. WireGuard ndiyo yosavuta kuphunzira: UDP, kawirikawiri poti 51820, chipangizo chilichonse ndi makiyi akeake, ndipo siiyankha kanthu kwa munthu wopanda kiyi yolondola, moti wofufuza mapoti saizindikira. PPTP isiyeni, inathyoledwa kalekale. Makamerawo akhale pa VLAN yawoyawo.

Ndipo musakhulupirire zomwe tsamba la rauta likunena, yesani. Lumikizani laputopu ku intaneti ina, monga data ya foni, n'kupanga `nmap -Pn -p- adiresi_yanu` kuti ione mapoti onse 65535 a TCP, kenaka `nmap -sU -p 53,123,161,1900 adiresi_yanu` pa UDP. Kuyesa muli m'kati kumakunamizani, chifukwa rauta imakuonani ngati wapakhomo. Musanayambe, yerekezani adiresi ya WAN ya pa rauta ndi yomwe masamba oonetsa adiresi akukupatsani. Zikasiyana, kapena ya WAN ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, nthawi zambiri ndiye kuti muli kuseri kwa NAT ya kampani ya intaneti. Pamenepo musafufuze, chifukwa mukhala mukugogoda pa zipangizo za eni, ndipo kutsegula poti ya VPN pa rauta yanu sikugwiranso ntchito mpaka mutapempha adiresi yanuyanu. Nmap muziigwiritsa ntchito pa netiweki yanu kapena yomwe mwapatsidwa chilolezo basi.

Wa_MikroTik

Ndiwonjezere pang'ono, popeza onse pamwambapa alankhula za Cisco ndipo palibe watchula zodzitsekera kunja.

Aliyense wolemba malamulo a firewall ali kutali ndi rauta tsiku lina amadula nthambi yomwe wakhalapo. Pa Cisco, musanakhudze ACL lembani `reload in 10`. Mukadzitsekera, pakatha mphindi 10 rauta imadzizimitsa n'kuyakanso ndi zochunira zakale, malinga ngati simunasunge. Zikayenda bwino, `reload cancel`, kenaka `copy running-config startup-config`. Pa MikroTik pali Safe Mode, batani mu Winbox (pulogalamu yoyendetsera MikroTik) kapena Ctrl+X mu terminal: kulumikizana kukaduka mwadzidzidzi, zomwe munasintha zimabwerera zokha.

Pa MikroTik siyanitsani input ndi forward. Input ndi zopita kwa rauta yeniyeniyo, forward ndi zongodutsa. Lamulo loletsa alendo kufika kwa antchito limapita mu forward, loletsa alendo kufika pa Winbox limapita mu input. Mukasokoneza, lamulo limangokhala phee, kauntala yake pa 0. Mu input yambani ndi kulola established ndi related, tayani invalid, lolani ICMP, kenaka tayani zonse zosachokera ku LAN. Zochunira zakufakitale za marauta ang'onoang'ono a MikroTik zili kale choncho, vuto limabwera munthu akazifufuta kuti ayambe payekha n'kuiwala kubwezeretsa. Akayatsanso allow-remote-requests pa DNS pomwe poti 53 ku WAN ili yotseguka, rautayo imayamba kuyankha dziko lonse, ndipo anthu oipa amaigwiritsa ntchito pomenyera ena.

Winbox ili pa poti 8291. Mu Epulo 2018 opanga anatseka bowo lotchedwa CVE-2018-14847, lomwe linkalola munthu kuwerenga fayilo ya mapasiwedi osalowa n'komwe. Ndiye rauta yakale mukaiika firmware yatsopano, sinthaninso mapasiwedi, chifukwa akalewo mwina anatengedwa kale. Kenaka `/ip service disable telnet,ftp,www,api,api-ssl` ndi `/ip service set winbox address=192.168.10.0/24`.

A Paketi_ndi_Poti, pa mzere 50 uja ndikanawonjezera `log` kumapeto, pa rauta yeniyeni, koma pa interface ya alendo yokha. Pa WAN kugogoda sikutha usana ndi usiku, ndiye purosesa ya rauta ingatope ndi kulemba. Ma log atumizeni ku seva ina ndi `logging host`, pa UDP 514, chifukwa a m'kati mwa rauta amafufutika ikazima. Ikaninso `ntp server` ndi `service timestamps log datetime msec`, apo ayi rauta yopanda batire ya wotchi imayamba ndi deti lolakwika ndipo simungalondoloze kuti chinayamba n'chiti. Packet Tracer siilandira malamulo onsewa. Ikayamba kukukanani, samukirani ku GNS3 kapena EVE-NG, momwe mungayendetsenso MikroTik CHR.